PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Bambo Lewis Mataka Bandawe, Mtsogoleri wa Bungwe la Alomwe

Abale okondedwa a m'midzi ya Phalombe, inu a ku Migowi ndi ku Chiringa, inu okhala m'tsinde mwa phiri la Michesi ndi inu a m'madambo a nyanja ya Chilwa, phunziro lathu la mwezi uno liri la utsogoleri wa pa bwalo, ndiko kunena nchito ya munthu amene anzache amuika patsogolo kuti awanenere mau ao pamaso pa akuru a dziko. Nchito imeneyi ambiri aifuna chifukwa cha mpando ndi ulemu, koma owerengeka okha ndiwo aisenza zaka zambiri osaitula panjira. Chifukwa chache tasankha kulongosola moyo wa munthu mmodzi wa mtundu wa Alomwe, ndiye Bambo Lewis Mataka Bandawe, kuti poona mapazi ao tidziwe chimene tiyenera kufuna kwa iwo amene tiwatuma ku khonsolo masiku ano. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzao madzulo, ndipo mafunso ali kumapetowo muwayankhe pamodzi.

1. ALOMWE ANADZA BWANJI KUNO

Dziko lakale la Alomwe liri kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, m'dziko la Mozambique, kuzungulira mapiri a Namuli. Kuyambira zaka za m'ma 1890 kufikira zaka za m'ma 1940 anthu ambirimbiri anachoka kumeneko, nadza kuno ndi ana kumbuyo ndi mitolo pamutu. Sanadze chifukwa cha kukonda ulendo iai. Anathawa msonkho wowawa, nchito ya kukakamiza, ndi chikoti cha asilikari a Apwitikizi, ndipo zaka zina anathawa njala. Pakuti dera lathu lino liri pa malire penipeni, ambiri anatula katundu wao kuno, ndipo ena anapitirira ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba. Boma la Nyasaland powerenga anthu m'chaka cha 1921 linapeza Alomwe oposa 120,000; m'chaka cha 1931 anali oposa 235,000; ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000.

Koma mlendo sadza ndi munda. Ena analandira malo kwa mafumu a Ayao ndi a Amang'anja amene anawapeza, ndipo ena ambiri analowa m'minda yaikuru ya Azungu, kumene anakomana ndi thangata. Makhalidwe a thangata anali otere: mwini munda analola banja kumanga nyumba ndi kulima pang'ono, koma m'malo mwa ndalama ya malo bambo anayenera kugwira nchito ya mwini mundayo mwezi umodzi kapena miyezi yambiri, ndipo kawirikawiri inali miyezi ya dzinja, pamene munda wache wa iye mwini unali kufuna khasu. Wokana anapasuliridwa nyumba. Tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, thonje ndi fodya wa ku Magomero, zinakula ndi manja a anthu amenewa.

Pamwamba pa zowawa izi panali chinanso chimene sichioneka pa thupi, ndilo dzina. Anthu anawatcha Anguru, ndipo liu limeneli linali la chipongwe, lonena munthu wachabe, woyenera nchito yonyansa yokha. Linalembedwa m'mabuku a Boma, linamveka pa bwalo la mirandu, ndipo ana analimva ku sukulu. Ambiri anayamba kubisa mtundu wao ndi kuleka chinenero chao pamaso pa anthu chifukwa cha manyazi.

2. UBWANA NDI SUKULU

Bambo Bandawe anabadwa m'chaka cha 1887 m'dziko lomwelo la Alomwe, tsidya lija la malire. Masiku amenewo Mishoni ya Church of Scotland inali itakhazikika ku Blantyre kuyambira 1876, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 inatuma mmodzi wa ophunzira ache, John Gray Kufa, munthu wodziwa nchito ya mankhwala, kukayamba nchito pakati pa Alomwe. Pa njira imene Kufa anatsegula ndipo Bambo Bandawe anadzera, ali mnyamata wamng'ono, nafika ku sukulu ya ku Blantyre. Kumeneko anaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chinyanja ndi Chingerezi, koma chinenero cha amai ao sanachitaye.

Pano pali chinthu choyenera kuchisunga. Anyamata ambiri amene anafika pa sukulu zotere anayesa maphunziro ngati mlatho wa kuwolokera kuchoka kwa abale ao. Bambo Bandawe anawoloka pa mlathowo, koma pambuyo pache anabwerera nao katundu kwa amene anatsala.

Kufa ndi Bandawe anadzayenda njira ziwiri zosiyana. M'mwezi wa Januwale 1915 Mbusa John Chilembwe anaukira Boma ndi eni minda chifukwa cha nkhanza za thangata ndi za nkhondo, ndipo Kufa anali mmodzi wa akuru amene anaima naye. Boma linamgwira, nilimupha chaka chomwecho. Dziko lathu likumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka ndi chaka, ndipo kutero nkoyenera. Koma pali njira inanso ya kumenyera anthu nkhondo, ya kalata ndi msonkhano ndi kupirira, imene siimbidwa nyimbo kawirikawiri. Imeneyo ndiyo anaitsata Bambo Bandawe.

3. ZAKA 15 KU MIHECANI

M'chaka cha 1913 Mishoni ya Blantyre inatsegula malo atsopano ku Mihecani, kufupi ndi Alto Molócuè m'dziko la Mozambique, ndipo Bambo Bandawe anapita kumeneko kukaphunzitsa. Anakhalako kufikira 1928, ndizo zaka 15. Sizinali zaka za mtendere. Nkhondo yaikuru ya 1914 inachotsa anthu ambiri m'midzi kukasenza katundu wa asilikari, ndipo m'chaka cha 1918 gulu la nkhondo la Ajeremani, mtsogoleri wao von Lettow-Vorbeck, linapyola m'dziko lenileni la Alomwe, nilimenyana ndi Angerezi pa Lioma. Munthu wofuna mtendere wa iye yekha akadabwerera ku Blantyre, koma iwo anakhala pa nchito yao.

Nchito yaikuru ya zaka zimenezo inali ya kutembenuza Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo pofika chaka cha 1931 bukulo linali litasindikizidwa. Talingalirani kulemera kwa nchito yotere. Wotembenuza ayenera kupeza malembo oyenera maliu amene Chinyanja chiribe. Ayenera kusankha liu limodzi pakati pa atatu ofanana. Ayenera kuyesa chiganizo chiri chonse ngati nkhalamba ya kumudzi idzachimva. Tsamba limodzi likhoza kudya sabata. Koma pamene bukulo linatuluka, chinenero chimene anthu anachiyesa cha kumunda ndi cha ku thangata chinaoneka pa pepala, chosindikizidwa monga Chingerezi ndi Chinyanja. Munthu amene waona chinenero chache m'buku sabvomeranso msanga kuti mtundu wache ngwachabe.

4. PA BWALO LALIKURU LA MIRANDU

Atabwerera ku Nyasaland, Bambo Bandawe analowa nchito ya Boma, nakhala mlembi ndi womasulira mau pa Bwalo Lalikuru la mirandu ku Blantyre zaka zambiri. Nchito ya womasulira iri ngati ya munthu wonyamula mtsuko wa mwini wache pa njira yoterera. Woweruza sakumva chinenero cha woimbidwa mlandu, ndipo woimbidwa mlandu sakumva cha woweruza. Moyo wa munthu uli pa lilime la iye amene aima pakati. Akaonjeza liu limodzi, kapena akachotsa limodzi, wosalakwa apita kundende.

Pa bwalo lotere munthu aphunzira zinthu ziwiri zofunika kwa mtsogoleri ali yense. Choyamba ndicho kunena mau a mnzako monga iye anawanena, osati monga iwe ukadakonda kuti anene. Chachiwiri ndicho kudziwa makutu a Boma. Boma silimva kung'ung'udza kwa pa mowa kapena kwa pa maliro, ngakhale kuli koona. Limva mau olembedwa, okhala ndi tsiku ndi maina, operekedwa pa khomo loyenera, ndi obwerezedwa kufikira yankho litadza.

5. MABWALO A MAFUMU

Tsopano tione m'mene ulamuliro wa m'midzi unaliri masiku amenewo. M'chaka cha 1912 Boma linaika lamulo la kusankha mafumu ena kuti akhale akuru oyang'anira anzao, koma nchito yao inali kuthandiza Bwana D.C. pa msonkho ndi pa kusunga bata. M'chaka cha 1933 malamulo atsopano anapatsa mafumu mphamvu yoposa: anakhala ndi mabwalo ao a mirandu, alembi ao, ndi ufulu wa kuika malamulo ang'ono m'maiko ao pamodzi ndi nduna zao. M'zaka za 1944 ndi 1945 kunakhazikidwa mabwalo a zigawo, kumene mafumu ndi anthu ena ophunzira anasonkhana kukambirana, ndipo m'chaka cha 1946 kunadza bwalo la dziko lonse. Makhonsolo a m'maboma anayamba ndi lamulo la 1953.

Koma Boma posankha mafumu linayang'ana amene linawayesa eni nthaka, ndipo m'chigawo cha kumwera ambiri a iwo anali Ayao ndi Amang'anja. Alomwe, angakhale anachuruka chotero, ambiri anakhala pansi pa mafumu a mitundu ina, kapena pansi pa eni minda kumene kapitao ndiye anali mfumu. Msonkho anapereka, nchito anagwira, koma pa mphasa ya bwalo malo ao anali ochepa. Ndipo tidziwa tonse kuti nyama ikagawidwa mwini mbale palibe, mbale yache ibwera yopanda kanthu.

6. BUNGWE LA 1943

M'chaka cha 1943 Bambo Bandawe anayambitsa bungwe lotchedwa Lomwe Tribal Representative Association, nalitsogolera. Pa nthawi imeneyo anali ndi zaka 56. Sanali mnyamata wothamangira kutchuka, koma munthu amene anthu anamuona pa nchito zaka 30, ndipo Boma lomwe linadziwa kuti mau ao ngoona. Bungwelo linapempha Boma kuti dzina la chipongwe lija lichotsedwe, ndi kuti anthu atchedwe ndi dzina lao lenileni, Alomwe. Boma linabvomera, ndipo m'makalata ache linayamba kulemba Alomwe.

Wina adzati, Kodi dzina lidyedwa? Kodi sikukadakhala bwino kupempha minda? Funso limeneli nlabwino, ndipo yankho lache ndi ili: munthu amene dzina lache liri chitonzo sakhoza kuima pa bwalo kupempha kanthu kena, pakuti asanatsegule pakamwa anthu amseka kale. Dzina ndilo khomo. Bambo Bandawe anayamba ndi chinthu chimene chinali chotheka, chimene Boma silikadakhala ndi chifukwa chabwino cha kukana, ndipo chimene chinakhudza Mlomwe ali yense, wa m'munda wa tiyi ndi wa m'ofesi yemwe. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Zaka zomwezo anthu ena ophunzira, monga James Sangala ndi Levi Mumba, anali kusonkhanitsa mabungwe a m'maboma kuti akhale amodzi, ndipo m'chaka cha 1944 kunabadwa Nyasaland African Congress. Chotero bungwe la Alomwe linali limodzi la mitsinje yambiri imene inali kutsikira ku nyanja imodzi. Atakalamba, Bambo Bandawe analongosola za moyo wao m'buku lotchedwa Memoirs of a Malawian, limene Bridglal Pachai analikonza, nilituluka m'chaka cha 1971.

7. ZIMENE SIZINATHEKE

Phunziro loona silibisa mbali yina. Kalata ndi msonkhano zinachotsa dzina loipa m'mabuku a Boma, koma sizinalichotse msanga m'kamwa mwa anthu. Thangata silinathe ndi pempho la bungwe limodzi. Linakhalabe kufikira 1962, pamene ndale za dziko lonse zinali zitasandulika, patatsala zaka 2 kuti Malawi alandire ufulu. Ndipo chinenero chimene Bambo Bandawe anachigwirira nchito zaka 15 chinapitirira kuchepa m'midzi yathu, kotero kuti adzukulu ambiri a Alomwe adziwa tchopa ndi kalongonda, koma moni wa agogo ao sakhoza kumyankha. Mtsogoleri mmodzi, angakhale akhale pa nchito zaka zambiri, satha zonse. Atha gawo lache, nasiyira ena.

Koma mbeu inamera. Powerenga anthu m'chaka cha 2018 kunapezeka kuti mwa Amalawi 100 ali onse pafupifupi 19 anadzitcha Alomwe, osabisa. M'chaka cha 2008 bungwe la Mulhako wa Alhomwe linachita msonkhano wache waukuru pa Chonde ku Mulanje, ndipo Mfumu Mkhumba ya kuno ku Phalombe inakwezedwa kukhala mfumu yaikuru ya Alomwe. Pambuyo pa imfa ya Mfumu Ngolongoliwa m'chaka cha 2019, mpando umenewo unabwerera ku Phalombe, kwa Mfumu Kaduya, amene ali mai. Tingochenjeza chinthu chimodzi: kukonda mtundu wako nkwabwino, koma amene anamva kuwawa kwa chitonzo asakhale woyamba kutonza mnansi wache wa mtundu wina, kapena kumkaniza malo pa bwalo.

8. KHONSOLO YA MASIKU ANO

Kale Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje, koma m'chaka cha 1998 anakhala boma pa yekha. Chaka chomwecho kunaikidwa lamulo la maboma ang'ono, lakuti nchito zambiri zichoke ku likulu zidze m'manja mwa makhonsolo: sukulu za pulaimale, zipatala zazing'ono, misika, miseu ya m'midzi ndi mijigo. M'chaka cha 2018 boma lathu linali ndi anthu oposa 429,000, ndipo onsewa khonsolo yao ndi imodzi.

M'khonsolo mukhala makhansala osankhidwa ndi anthu, ndipo pakati pao asankha wapampando. Mukhalanso aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mafumu akuru, monga a Mkhumba, Nazombe, Chiwalo, Kaduya, Jenala ndi Nkhulambe, akhala nao ndi kulankhula, koma saponya voti. Bwana D.C. ayang'anira alembi ndi anchito. Pansi pa khonsolo pali makomiti a chitukuko a m'dera la mfumu ndi a m'midzi, ndipo ndiyo njira imene pempho la mudzi liyenera kukwera nayo.

Musayese kuti bwalo limeneli lidzakhalapo nthawi zonse popanda wolisamala. Makhansala oyamba pansi pa lamulo latsopano anasankhidwa m'mwezi wa Novembala 2000. Nthawi yao itatha m'chaka cha 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Pambuyo pache anasankhidwanso m'chaka cha 2019 ndi cha 2025. Khansala apatsidwa zaka 5, ndipo lamulo la 2010 linafupikitsa nthawi ya wapampando. Chotero masiku ano munthu akakhalitsa pa nchito imeneyi, nchifukwa chakuti anthu ambwezerapo ndi manja ao.

Ife a ku Phalombe tidziwa tsiku limene mtsogoleri ayesedwa. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, napha anthu mazana. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, makamaka ku Nkhulambe, ndipo m'dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000. Pa masiku otere wina ayenera kulemba maina a amene nyumba zao zagwa, ndipo thumba la ufa litsata dzina lolembedwa. Ngati wolembayo aika mlamu wache amene nyumba yache iri chiriri, nasiya mai wamasiye amene agona m'kalasi, wachita chimene womasulira wonyenga achita pa bwalo la mirandu.

9. ZIMENE TIPHUNZIRA

Choyamba, mtsogoleri adziwika asanakhale pa mpando. Bambo Bandawe anatsogolera bungwe atatumikira kale zaka 30. Munthu akadza kwa inu kupempha voti, funsani chimene anachita pamene analibe mpando: kodi anaoneka pa kuumba njerwa za sukulu, pa kukonza mjigo, pa maliro a osauka?

Chachiwiri, mtsogoleri ndiye womasulira. Atenge mau a mudzi osawasanduliza, ndipo abwere nalo yankho, lingakhale lowawa. Khansala amene apita ku msonkhano nabwera chete ali ngati mthenga amene anadya kamba wa ulendo osafikitsa uthenga.

Chachitatu, pempho lilembedwe. Mudzi wofuna mlatho ukhale pansi, ulembe kalata ya tsiku ndi maina, usunge inzache, ndipo ufunsenso pa msonkhano wotsatira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khansala wopanda anthu kumbuyo kwache samveka.

Chachinai, kukhalitsa pa mpando pa kokha si ulemu. Chiswe chikhalitsanso mu mtengo. Zaka za mtsogoleri ziwerengedwe ndi zimene zatsala iye atachoka. Bambo Bandawe anasiya buku m'chinenero cha anthu ao ndi dzina limene adzukulu alitchula lero osaweramitsa mutu.

MAFUNSO

1. Nchifukwa ninji Alomwe anachoka ku Mozambique, ndipo anapeza zotani kuno?
2. Longosolani makhalidwe a thangata. Linatha chaka chiti?
3. Bambo Bandawe anagwira nchito yanji ku Mihecani, ndipo anakhalako zaka zingati?
4. Bungwe la 1943 linapempha chiani kwa Boma? Nchifukwa ninji linayamba ndi chimenecho?
5. Ndani aponya voti m'khonsolo, ndipo ndani saponya?
6. Kodi khansala wa dera lanu mumdziwa dzina? Anabwera liti komariza kudzanena zimene khonsolo inapangana?
7. Kodi m'mudzi mwanu muli munthu kapena banja limene lilibe malo pa bwalo chifukwa cha mtundu, umphawi kapena ulendo? Mudzachita chiani mwezi uno?

Funso la 6 ndi la 7 musaliyankhe ndi pakamwa pokha. Mukatha kukambirana, sankhani awiri, mwamuna ndi mkazi, apite nao mau anu kwa a mfumu ndi ku komiti ya mudzi. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.